Chikopa cha Enifa Sichigwetsa Mfuti

"Mukanapha munthu, alamu! Mfuti si nsapato ya ku Mchesi yoti mwangosoka, ikang'ambika mwiniwake abwera nayo mawa. Dzulo mwatichititsa manyazi Amalawi tonse pamaso pa azungu."

Anali Albert ameneyo, mlamu wake wa Enifa, ataima pakati pa holo ya tchalitchi ku West Bromwich, kapu ya tiyi ili m'manja, mawu akukafika mpaka pakhomo. Mapemphero anali atangotha. Amayi amene ankasanja mipando anasiya. Enifa anali atakoleka kale chikwama paphewa kuti azipita, koma anachitsitsanso pang'onopang'ono.

Nkhani yake inali iyi. Dzulo lake, Loweruka, Kondwelani, injiniya wa kufakitale ya mabawuti, analowa mpikisano wake woyamba wa mfuti zazing'ono ku kalabu ina kunja kwa Walsall. Masewerawa si oima malo amodzi ayi. Belu likalira umasolola mfuti m'chiuno, kuwombera makatoni, kuthamanga, kugwada, kuwomberanso, wotchi ikuwerenga. Pagawo lachitatu ankayenera kuthamanga kaye mfuti ili m'holusita, kathumba kachikopa kamene imakhalamo pa lamba. Atangoponda katatu, mfuti inadumpha yokha n'kugwa pasimenti, zipolopolo zili momwemo, kukamwa kwake kutaloza kumene kunaima anthu. Sinalire. Koma onse anagwira mitima. Mayi Vera, woyang'anira bwalolo, anaitola yekha, n'kumuchotsa Kondwelani mumpikisano. Ananenanso kuti Lachitatu komiti ikhala pansi, ndipo vuto likapezeka kuti ndi holusita, dzina la woisoka lilembedwa pa bolodi ndipo chikopa chake sichidzalowanso pa geti.

Woisokayo anali Enifa.

Tsono mumudziwe kaye mayi ameneyu, musanamve za Albert zokha. Anabadwira ku Mchesi, mwana woyamba wa bambo wosoka nsapato. Pofika zaka zisanu ndi zinayi anali akubaya kale chikopa, abale ake akusewera fulaye. Kuno ku England anabwera mu 1989 potsatira mwamuna wake Saulos, amene ankaphunzira ku yunivesite ku Birmingham. Akazi anzake anapita kokolopa maofesi. Iye anamva kuti Walsall ndi tauni ya zikopa, anakwera basi, n'kukagogoda pafakitale yosoka zishalo za mahatchi. Kapitawo anamuponyera kachidutswa ka chikopa ndi singano ziwiri kuti amuseke. Atabwerako anaika lula woyezera pamsoko, anawerenga, anawerenganso, kenako anangomuonetsa mpando. Zaka zisanu tsopano ali pampandowo. Digiri alibe. Paukwati kapena pamaliro Amalawi ophunzira amamutcha "mayi a nsapato". Chimene ali nacho n'choti chinthu chosokedwa ndi Enifa sichisomboka, ndipo zimenezo Walsall yonse ya zikopa imadziwa.

Kondwelani atalandira laisensi ya mfuti kupolisi, anabwera kwa Enifa ndi magazini amene anamupatsa Albert. Albertyo, katswiri wa makompyuta wa ku Foleshill, ndiye anamulowetsa m'kalabumo, ndipo poti anali atathamo chaka ankadziona ngati mkulu wa asilikali. Anali atazunguliza ndi cholembera zonse zimene mnzakeyo agule: mfuti ya kagalasi pamwamba kokhala ndi kadontho kofiira, ndi holusita yonga waya yongogwira nsonga.

"Asisi, mungandisokere yotere?"

"Za mfuti sindizidziwa. Ndikafunse kaye."

Ndipo anakafunsadi. Anakakhala ndi Mayi Vera masana onse a Loweruka, zotsekera m'makutu zili kumutu. Mayiyo sanazungulire. Woyamba kumene, anatero, agule mfuti wamba, ngakhale yogwirapo kale ntchito. Apeze lamba wolimba wosapindika, holusita yophimba chowombera chonse ndiponso yogwira zolimba, timatumba titatu ta zipolopolo, magalasi ndi zotsekera m'makutu. Zotsalazo agulire zipolopolo zophunzirira. Liwiro limabwera lokha, koma chala chikaduka sichiphukanso.

Mayi Vera anamubwereka mfuti yachidole yachitsulo, yofanana ndendende ndi imene Kondwelani anagula. Enifa ananyowetsa chikopa cha ng'ombe chokhuthala, anachiumba pachidolecho ndi zala mpaka chinatenga mzere uliwonse, anachiumitsa masiku atatu kutali ndi hita, n'kuchisoka kawiri. Atamaliza anachizondotsa, anachigwedeza, chidole osagwa. Anamumanga lamba Kondwelani n'kumuthamangitsa masitepe a fulati yake kakhumi, kukwera ndi kutsika, mpaka mnyamata anapempha madzi. Chidole chili phee. Anthu asanu ndi mmodzi a m'kalabumo ataiona, anaoda zawo.

Ndiye lero wina aime ndi tiyi m'manja n'kumati Enifa akanapha munthu?

"Mwatha, aAlbert?" anafunsa.

"Sindinathe. Ine ndinanena kuti zinthu izi zimagulidwa kushopu, zopangidwa ndi anthu amene anapita kusukulu."

"Kondwelani."

Kondwelani anali pafupi ndi zenera, akuyang'ana nsapato zake ngati wazigula lero. "Asisi."

"Holusita ili kuti?"

"Ili... m'galimoto."

"Katenge."

"Yachiyaninso?" Albert analowerera msanga. "Chinthu chinalephera kale. Ine ndamuuza kuti angochitaya, Lachitatu tikanene kuti chinamasuka chokha, nkhani ithe."

"Chikopa changa sichitayidwa ndisanachione. Kondwelani, ndati katenge, kapena ndikatenge ndekha?"

Anapita. Wina anazimitsa ketulo. Albert anamwa tiyi wake.

Kondwelani atabwera anaipereka ndi manja awiri. Enifa asanaiyang'ane n'komwe, zala zinamuuza. Chikopa chimene anachiumba cholimba ngati chikho chinali wedewede ngati lilime la nsapato yakale. Kukamwa kwake kunali yasa, dzanja lonse kulowa. Msoko unali wonse, palibe ulusi ndi umodzi womwe woduka. Anainunkhiza.

"Mafuta odzola awa."



Analowetsa chala mpaka pansi, anakanda ndi chikhadabo, n'kutulutsa kachidutswa ka nyuzipepala kouma, komatirira. Anakatambasula pachikhatho. Zilembo zinali zitafufutika, koma mawu awiri ankawerengeka: "tsiku lovota".

Tinene zoona, chaka chimenecho cha 1994, m'West Midlands monse munthu amene ankalandira nyuzi za kumudzi anali mmodzi. Mchimwene wake ankamutumizira pa positi, ndipo iye sankabwereka munthu. Ankabwera nazo kutchalitchi n'kumawerengera anthu mokweza ngati wailesi. Maso onse anatembenukira kwa Albert.

"Ndikufuna ndimve kwa iwe, Kondwelani."

"Pa pulakatisi ndinkachedwa kusolola, asisi. Anzanga sekondi imodzi ndi theka, ine zitatu. Achimwene aAlbert anati holusita yathina, ili ngati nsapato yatsopano. Ndiye Lachinayi tinaipaka mafuta, tinaikamo nyuzi zonyowa, tinaigoneka pa hita."

"Nanga n'chachilendo?" Albert anakweza mawu. "Mmalawi aliyense amadziwa kuti chikopa chatsopano chimafewetsedwa. Bambo anu omwe ankatero."

"Bambo anga musawatchule. Nsapato imafewetsedwa chifukwa phazi lili ndi mwini wake, limadziwa kumene likupita. Mfuti ili ndi nzeru? Kuthina kumene munachotsako ndiye ntchito imene ndinagwira masiku atatu."

"Mukanamuuza."

"Ndinamuuza. Ndinati ikathina ubwere nayo, usaipake kanthu. Ndinatero kapena sindinatero?"

"Munatero, asisi."

Apa Albert anasintha nyimbo. Anaika kapu pampando, anayandikira, mawu anatsika. "Alamu, tiyeni tikambe ngati anthu a kumodzi. Komiti ikamva kuti mwanayu anasintha yekha chipangizo, amuchotsa. Akamuchotsa auza apolisi, laisensi yapita. Miyezi isanu ndi umodzi anadikira kuti amulandire. Inu mutaya chiyani? Timaganyu ta kumapeto kwa sabata. Ntchito yanu ya mahatchi ilipobe."

Kondwelani anadzutsa maso koyamba. Anali ofiira. "Asisi, chonde."

Enifa anamuyang'ana. Mnyamatayu anadya Khirisimasi zitatu kunyumba kwake. Jekete yake ya intavyu anaisoka ndi iyeyo. Ndipo Albert sananame pa chimodzi: akangokhala chete, Kondwelani apulumuka. Koma awiri mwa anthu a m'kalabumo amagwira ntchito m'mafakitale a zikopa ku Walsall komweko. Dzina likalembedwa pa bolodi Lachitatu, Lachinayi lafika kwa kapitawo uja wa lula. Ndipo pali china chimene chinamuwawa kuposa: holusita yotsatira Kondwelani akagule kushopu, Albert akaipakenso mafuta, ndipo ulendo umenewo mfuti ikalire.

Anakulunga kanyuzi kaja m'mpango, anaika pamodzi ndi holusita m'chikwama, n'kutseka zipi.

"Iwe Kondwelani, ndikakupepesera kwa Mayi Vera ndi pakamwa panga. Ndikawauza kuti ndiwe mwana pamasewerawa, unamvera wamkulu amene anakulowetsa. Zoona zimenezo ndikanena, ndipo ndikagwada ngati kukafunike kugwada. Koma bodza loti ulusi wanga unamasuka, limenelo sindisenza."

Anatembenuka. Albert anali atayamba kufufuza makiyi m'thumba.

"Musathamangire galimoto, alamu. Mwanditukwana muno, pamaso pa mpingo, mwatchula ndi bambo anga amene ali m'manda. Lachitatu sikisi koloko mukaime pamaso pa komiti, mukanene kuti mafuta anali a ndani, nyuzi inali ya ndani, hita inali ya m'nyumba ya ndani. Mukapanda kubwera ndikakutengani ku Foleshill ndi basi, njira ndikuidziwa. Koma tisanafike kumeneko, anthu awa amva kuti ine ndikanapha munthu. Ayankheni pompano, aAlbert: amene akanapha munthu dzulo ndani?"