Tsiku Limene Ndinaitana Matalala

Mdzukulu wanga wandionetsa pa foni masitima ndi magalimoto atakanirira m'chipale chofewa kumaiko ozizira, anthu akunjenjemera m'misewu. Iye akuti n'zachisoni. Ine ndangoseka, chifukwa ndakumbukira dalaivala wina.

Ndili kamtsikana, amayi ankagulitsa bowa m'mbali mwa mseu pa Chinyunyu. Tsiku lina dalaivala wa basi yopita ku Chipata anaponda lichero lathu poima. Bowa yense anasanduka phala, akununkha matayala. Amayi atadandaula, iye anatulutsa mutu pawindo.

"Mayi, mseu ndi wa mamotoka, si khitchini yanu!"

Ndinalavulira pa phula n'kunena chamumtima, "Mulungu, mugendeni ameneyu."

Pasanapite nthawi, masana ena kumwamba kunagwa miyala yoyera, yozizira moluma zala. Ndinali ndisanaonepo matalala, ndiye ndinangodziwa kuti Mulungu wandimvera. Mseu unayera mbee. Basi yomwe ija inaterereka n'kukagona cham'mbali m'ngalande, magalimoto ena n'kuima mzere kumbuyo kwake. Palibe anavulala. Apaulendo anadzaza m'chisakasa chathu chogulitsiramo bowa kudzaotha moto, ndipo dalaivala uja anafika pomalizira, mano akugundana.

"Mayi, ndiotheko."

Amayi, ndi mtima wawo wa kutchalitchi, anasuntha kuti amupatse malo. Ine ndinalumphira pamalopo n'kutambasula miyendo.

"Ba draiva, ino ndi khitchini yathu."

Lero ndikudziwa kuti matalala satumidwa ndi mwana. Koma ndikamukumbukira ataima panja, madzi akuyenderera m'khosi, mtima wanga umakomabe.