Ufa Pamutu pa Yohane

Ndinaganiza zochoka ku Tembwe chaka chimene njovu zinatidyera chimanga chonse. Atate, amene anali akatekisiti, anandidalitsa pakhomo, koma mng'ono wanga Yohane anatsanzikana nane kumsewu. Iye anali atalowa mpingo wa Sabata, ndipo atate mokwiya anamuuza kuti asadzaponde ngakhale pamaliro awo.

Ku Lusaka ndinkasoka zovala m'sitolo ya a Yusufu, Msilamu wofatsa. Malipiro anali ochepa. Ndikalipira kachipinda, zotsala ndinkatumiza pafoni. Atate ndinkawaimbira paokha, Yohane payekha, ndipo aliyense ankangondiuza za mvula, osatchula mnzake. Lamulungu ndikachoka ku Misa, ndinkakhala ngati mbalame ija ya m'Masalimo, yokhala yokha padenga.

Tsiku la maliro a Papa, a Yusufu anandichotsa pamakina kuti ndikaonere nawo pa TV. Atsogoleri a mayiko osamwerana madzi anali pabwalo limodzi, ena akupatsana moni. Panalinso Asilamu, Ayuda ndi abusa a mipingo ina.

"Wa nduwirayo ndi wathu," anatero a Yusufu akuloza. "Maliro alibe mpanda, a Goma."

Ndinamulembera Yohane zimene ndinaona.

Atate atamwalira ndinabwerera kwathu. Ndinapeza Yohane ataima kutali pansi pa mtengo wa mango, chifukwa amalume anali atanena kuti mawu a womwalira saphwanyidwa. M'basi monse ndinali nditakonza zokalankhula: za Papa, za Yosefe ndi abale ake. Koma nditaona nkhope ya amalume, ndinangopita kukakhala pansi.

Kenaka anatulukira mayi Mwansa, namwino wa pakiliniki yathu. Iwo ndi Mbemba, ndipo Abemba ndi ambuya athu ife akum'mawa: pamaliro amatiseka, amatithira ufa, ndipo palibe wowaletsa. Anapita kwa Yohane namukhuthulira ufa pamutu.

"Iwe wodya mbewa, bokosi la atate ako tinyamule ife odya anyani? Manje tiye."

Amalume anawakumbutsa mawu aja. Mayi Mwansa anayankha akumukoka Yohane dzanja: "Mdalayu lero ndi wathu. Ngati ali ndi dandaulo, adzuke anene yekha."

Anthu anaseka, ngakhale amayi athu anaseka misozi ili m'masaya. Amalume anangoyang'ana pansi. Azimayi a Chikatolika atamaliza nyimbo, a Sabata, amene anagona nafe pamaliropo, anayamba yawo, ndipo tonse tinavomera.

Chimene ndinazizwa nacho pa TV ya a Yusufu, Mulungu anali atachibzala kale kwathu, ine osachiona. Popita kumanda Yohane anagwira kutsogolo, ine kumbuyo. Ufa wa pamutu pake unkayoyokera pabokosi la atate.