Kamphika ka Phulusa ka Amayi

Loweruka, pa 18 Okutobala 1958, ndinali nditagwada pakhomo la kachipinda kosungiramo zinthu m'khitchini ya amayi, ndikutulutsa zitini. Tsikuli ndimalidziwa chifukwa masiku amenewo ndinkalemba zondichitikira kumasamba otsiriza a kope langa la samu. Koma chimene ndimakumbukira popanda kope ndi fungo lake: mwaye, mfutso wakale, mkodzo wa makoswe, ndi kafungo ka sopo wofiira amene amayi ankabisa pamwamba pa khoma.

Amayi anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Titameta maliro, abale anawasudzula abambo monga mwa mwambo, pakuti iwo anali mkamwini pamudzi pathu, kufupi ndi Sinda. Anabwerera kwawo ku Vubwi, khasu ndi bulangete atamangirira panjinga. Ine, mwana mmodzi yekha wa zaka khumi ndi chimodzi, ndinatsala kuchikazi, m'nyumba ya amayi aang'ono, aNabanda. Iwo analibe mwana, ndipo amuna awo anali ku migodi. Tinkakhala awiriwiri ngati anthu ousa mvula pakhonde limodzi. Ankandipatsa chakudya, ine n'kuthokoza, nkhani n'kuthera pomwepo. Dzina la amayi sitinkalitchula.

Khitchini ya amayi inakhala yotseka miyezi yonseyo. Ndikaweruka kusukulu ndinkalowamo mwakachetechete, n'kukhala pa mtondo wogwa, kunja nyenje zikulira. Anzanga anali atayamba kundilankhula motsitsa mawu ngati wodwala, choncho ndinkakonda kukhala ndekha m'menemo. Kachipindako anakagawa ndi abambo ndi kakhoma ka dothi, ndipo kanali kodzaza mpaka kudenga. Amayi sankataya kanthu. Munali zitini za parafini zochokera kwa amwenye a ku Katete, mabotolo opanda zitsekero, zikho zong'aluka zosokedwa ndi luzi, malichero otha pakati, mithiko yoduka. Kudenga kunalendewera zikwatu za mfutso ndi bowa zokulungidwa m'masamba a msuku. Pansi panali mbiya ya chimera, nsengwa ya mtedza, ndi matumba a nyemba amene ankalira tseketseke chifukwa cha anankafumbwe.

M'mawa wa Lowerukalo amayi aang'ono anamanga chitenje m'chiuno molimba n'kunena kuti denga la khitchini lifoleredwa mvula isanagwe, ndipo makoswe a m'menemo ayamba kuwolokera kunkhokwe. Zonse zinayenera kutuluka. Ine ndinkatulutsa, iwo n'kumasankha pabwalo: zina zakudzala, zina zogawira achibale, zochepa zosunga. Ankagwira ntchito mofulumira, osayang'ana chinthu kawiri.

"Akulu anga awa!" anatero atanyamula chitini chobooka pansi, akundiyang'ana kudzera pachibowo. "Ngakhale ichi ankati chidzagwira ntchito tsiku lina. Tsiku lake liti?"

Anaseka pang'ono, kenaka kusekako kunaduka. Anaponya chitinicho pamulu n'kundiuza kuti ndifulumire.

Pofika masana amayi a pamudzi anabwera kudzatenga zogawidwa. Ndinaona sefa ya amayi ikupita kumadzulo, nkhali yawo yaikulu ikupita kuseri kwa mtengo wa mango itasenzedwa pamutu pa munthu wina. Mfutso unali utadyedwa ndi tizilombo, unapita kumoto. Sindinalire. Mtima wanga unali pa chinthu chimodzi chokha chimene ndinachikankhira kungodya, kuseri kwa mbiya.

Kanali kamphika kakang'ono kakuda, kovundikiridwa ndi phale, m'mbali mwake momatidwa ndi dothi. M'katimo munali phulusa, ndipo m'phulusamo munali mbewu za maungu a amayi, aang'ono amizeremizere, ouma m'kamwa ngati mbatata. Phulusa limaletsa tizilombo kuboola mbewu. Ndinalipo tsiku limene ankamata, asanayambe kudwala kwenikweni. Padothi loumalo panatsala zala zawo, chala chachikulu chikuonekera bwino pamene anakanikiza. Ndinkaika chala changa m'kadzenjeko tsiku ndi tsiku. Pa zinthu zonse za m'dziko, ndi pokhapo pamene dzanja la amayi linali lisanafufutike.

Dzuwa litapendeka amayi aang'ono analowa okha kudzasesa, ndipo anakapeza kamphika kaja. Anakagwedeza pafupi ndi khutu. Anayang'ana dothi lomatiralo nthawi yaitali ndithu.

"Iwe Enelesi, m'menemu mwatsalanso china?"

"Iyayi, mayi."

Anatuluka nako kamphikako. Ndinawatsatira chapatali mpaka kudzala, kuseri kwa khitchini. Anagogoda phale lija ndi mwala, dothi n'kugumuka. Anayenda m'mphepete mwa dzala akukhuthula phulusa pang'onopang'ono, akulikankhira dothi ndi phazi. Kamphikako anakatsuka n'kuikamo mchere. Iwo atachoka ndinafunafuna tizidutswa ta dothi lija, koma tinali titasanduka fumbi.

Madzulo amenewo ndinalemba m'kope kuti amayi aang'ono alibe chisoni. Milungu yotsatira ndinkawayankha ndi mutu wokha. Khitchini inafoleredwa udzu watsopano, kachipinda kanazilidwa, kanakhala koyera ndi kopanda kanthu, moti ukatsokomola mawu ankabwerera. Ndinasiya kulowamo. Ndikaweruka ndinkapita kukakhala m'mbali mwa msewu waukulu, kuyang'ana malole ochokera ku Fort Jameson, n'kumaganiza kuti mwina abambo adzatsika m'limodzi mwa iwo. Sanatsike.

Mvula inagwa mu Novembala, yamphamvu, yonunkhiritsa dothi. Patapita masiku angapo ndinatumidwa kukataya zinyalala. M'mphepete mwa dzala ndinaona timasamba tiwiritiwiri tonenepa, tina tikadali ndi khoko la mbewu kumutu ngati kachipewa. Tinamera motsatana, m'mene munadutsa phazi la amayi aang'ono. Ndinakhala pansi, lichero lili m'manja, ndipo kulira kumene ndinakusunga kuyambira nyengo yozizira kunabwera konse.

Nditapukuta maso ndinaona chinanso. Kumbali yoyang'ana khola la mbuzi kunali nthambi zaminga zodulidwa kumene, masamba ake asanafote. Zinatchinga theka lokha. Mbali ya kunjira inali pululu, ndipo mbuzi za pamudzi zinali zisanayambe kumangidwa.

Titakhala pamphasa kudya, ndinaona mikwingwirima ya minga pamikono ya amayi aang'ono. Iwo anaona kuti ndaona.

"Idya, iwe," anatero. "Ukuyang'ana chiyani?"

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti maunguwo anapulumuka mwamwayi, ndipo amayi aang'ono anachita manyazi atawaona atamera. Ndinakhulupirira zimenezo zaka zambiri. Ndinadzazindikira nditakula, tsiku lina ndikubzala m'munda mwanga, ndikukwirira phando ndi phazi. Mkazi wakulira pakhasu sangagwedeze kamphika komata n'kulephera kudziwa zili m'katimo, ndipo wotaya phulusa salikwirira. Munda wa amayi unali utaperekedwa kale kwa atsibweni. Padzala la kuseri kwa khitchini ndi pamene panatsala nthaka yawo, yonona, pamalo pamene ine ndinkadutsa tsiku lililonse. Ine ndinkafuna kusunga zala za amayi padothi. Iwo ankadziwa kuti mbewu ikagonera chaka m'kamphika imayamba kufa. Sindinaganizepo kuti pamene ine ndinataya mayi, iwo anataya mkulu wawo amene anagona naye mphasa imodzi, ndipo kuti kufulumira kwawo tsiku lija kunali kuopa kuima.

Koma mtsikana wa m'kope lija sankadziwa zonsezi. Iye ankangodziwa kuti mbali ya kunjira ndi yotseguka, ndipo minga yolimba sidulika ndi manja. Tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, analemba ndi pensulo yake yaifupi kuti: "Mawa ndisanapite kusukulu ndidzatchinga kotsalako. Ndidzawapempha amayi aang'ono nkhwangwa, ndi pakamwa panga, ndipo ndidzawafunsa ngati angapite nane."