Khadi la Kampani Litatha Mphamvu

Bambo anga anachokera ku Mulanje kudzathyola tiyi ku Honde, m'dziko la eni. Chitupa chawo chinkati ndi mlendo, koma khadi la kampani linkatilowetsa tonse kukiliniki ya pa esiteti. Ntchito itawathera m'zaka zija za mavuto a zachuma, khadilo linathanso mphamvu. Chifuwa chitawagwira, ndinawaperekeza kuchipatala cha ku Hauna, komwe anamwino anatiuza mwaulemu kuti mankhwala kulibe.

Pobwerera anapumira pansi pa nthochi, n'kundiuza kuti, "Mwanangu, undiperekeze kwathu. Kumeneko ndikakagona m'chipatala, achemwali anga azikandibweretsera phala."

Ndinavomera, koma pasipoti analibe. Tinawaika m'manda ku Mandeya, ku Honde komweko, mvula isanayambe. Azakhali angawo sindinawaonepo, ndipo ndimalakalakabe nditamva mawu awo, mwina amayankhula ngati bambo.