Simu ya Chipatala M'bokosi la Machesi

Inu owerenga, pa Migowi amandidziwa kuti pa mtengo sindigonja. Ndikhoza kunenerera nkhuku mpaka mwini wake kundipepesa. Koma kuchenjera komweko kunandiphetsa mwana, ndipo ndalemba izi kuti wina asadzachite zanga.

Mkazi wanga Esinati ali ndi pakati, achipatala anamulemba m'kafukufuku wa amayi oyembekezera. Ankamuyeza magazi mwezi uliwonse, ndipo poti kwathu ku Nkhulambe n'kutali, anamupatsa foni. Anati zotsatira zikatuluka adzaimba, iyenso akamva chachilendo m'thupi angofulasha. Masana aliwonse ankakwera pachulu kuseri kwa nyumba, pokhapo pamene netiweki inkagwira.

Masiku amenewo foni inali ya mabwana. Ine ndinali ndi simu yokha, foni nditagulitsa kalekale. Nyengo yogula nandolo kwa alimi itafika, mtima unandiyabwa. Ndinamunyengerera mkazi wanga ngati kasitomala kuti andibwereke foniyo.

"Anati isachoke pakhomo, bambo," iye anatero.

"Anati! Kodi iwowo amagona kuno?"

Ndinatulutsa simu ya chipatala, kuiponya m'bokosi la machesi, n'kuikamo yanga. Pa Migowi ndinasanduka munthu. Alimi akalimba pa mtengo, ndinkaika foni kukhutu, kunamizira kulankhula ndi bwana wa ku Limbe, chonsecho mulibe ndi yunitsi imodzi yomwe. Ndinakhala komweko sabata yathunthu.

Lachinayi masana, ndili mkati mwa sewero lomwelo pa sikelo, njinga yamoto inaima patsogolo panga. Anali anesi a kafukufuku aja, akupita kwathu.

"Bambo, tikuimba kuyambira Lolemba. Foni ya Esinati ili kuti?"

Inali kukhutu kwanga.

Anesiwo anati magazi ake achepa koopsa, ankayenera kugonekedwa tsiku lomwelo la Lolemba. Ndinasiya sikelo, matumba, zonse, n'kukwera kumbuyo kwawo. Tinam'peza ali gone pakhonde, manja atayera ngati ufa, atagwa m'munda wa chinangwa m'mawa. Apongozi anga anali atayenda midzi iwiri ndi kabokosi ka machesi kaja, kufuna munthu wa foni woti aikemo simu. Sanam'peze. Sanandinyoze, anangondiika kabokosiko m'dzanja.

Anesi anakwera pachulu paja n'kuitana ambulansi. Kuchipatala ndinagwada pakhonde, ine wosagonja uja. Ndinapempha adokotala atenge magazi anga onse. Ndinanenerera ngakhale kwa Mulungu: tengani malonda, tengani miyendo, mundisiyire awiriwa. Abale, kumeneko kulibe kutsitsa mtengo. Esinati anapulumuka. Mwana, wamwamuna, anabadwa atafa kale.

Titabwerera kumudzi ndinabwezera simu ija n'kukwera pachulu. Foni inayamba kulira, uthenga pambuyo pa uthenga, wonse wofanana: Esinati abwere kuchipatala lero. Ndinauwerenga nditaimirira, manda a mwana wanga akuonekera chapansi apo.

Esinati sanandisiye, koma ndikayamba nthabwala zanga za kumsika amangotuluka panja. Anzanga a pa sikelo amanditchabe Bwana wa ku Limbe, osadziwa kuti dzinalo limandilasa.

Inu owerenga, makamaka inu abambo anzanga: foni imene achipatala apatsa wodwala si yanu, ngakhale ikhale mwezi osalira. Isiyeni pamene anaisiya. Ine ndinaiona ngati ikungogona, osadziwa kuti ikudikira kulira kamodzi kokha.