Ndege Imene Amalume Analumikiza

M'buku langa la mapemphero muli kachitsulo kakang'ono kopindika ngati tsamba la nsungwi, kakuda mbali imodzi chifukwa cha moto. Adzukulu anga amayesa kuti ndi kosungira tsamba. Kanali kopukusa mphepo pamphuno ya ndege, ndipo amalume anakadula ku chitini cha nsomba za sadinya. Ndikakagwira, tsiku lija limabwerera lonse. Kunkazizira. Nkhungu inali itangochoka m'mapiri a ku Tsangano, ndipo kamphepo ka mwera kankakwera kuchokera kudambo. Ndinkamva mabulugamu akulira, khasu la munthu wina likugunda mwala m'munda wa mbatata ya kachewere, ndi belu la kushikola, lomwe linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pamtengo. Tsiku limenelo belu silinalire kuitanira ana.

Tinafika ku Tsangano chaka chomwecho, titathawa kwathu ku Chidzolomondo nkhondo italowa m'midzi. Tinali atatu: amayi, ine wa zaka zisanu ndi zinayi, ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Abambo anali atamwalira ndili wakhanda. Amalume ankatsimphina mwendo wakumanzere kuyambira ubwana, n'chifukwa chake asilikali a boma ndi anthu a m'tchire, aja ankamenyana ndi boma, onse sankawafuna. Ntchito yawo inali yokhoma ndowa ndi kumata mapoto obooka. Pothawa, amayi anasenza mbewu ya chimanga ndi nyemba, ine ndinanyamula mphasa, amalume anatenga nyundo, lumo lodulira malata, ndi thumba lina lopepuka lomwe amayi analilongololera njira yonse.

“Anzanu akunyamula chakudya, inu mwanyamula zinyalala za mzungu,” ankatero amayi.

M'thumbamo munali timabokosi titatu. Ali mnyamata, amalume anagwirako ntchito m'lozha, sitolo ya Mpwitikizi wina ku Furancungo. Mwana wa mzunguyo ankalandira kuchokera kwawo ndege zomanga wekha: timatabwa topepuka ngati mtima wa phesi, mapepala opyapyala, ndi chithunzi cha ndegeyo pachivundikiro. Mwanayo analibe mtima wodikira. Ankayamba, n'kuthyola, n'kusiya. Azungu atapakira kubwerera kwawo, amalume anatola zotsalazo kuseri kwa nyumba n'kuzisunga zaka zoposa khumi. Panalibe bokosi lokwanira. Lina linali ndi thupi lopanda mapiko, lina mapiko aatali a ndege yamtundu wina, lachitatu mchira ndi mawilo basi.

Bambo wina wa komweko anatichitira chifundo. Anatipatsa malo kumbuyo kwa nyumba yake, ndi udzu wofolera, ndipo mwana wake wamkulu ndiye anathandiza amalume kuimika mitengo. Ndikunena izi poyamba kuti pasakhale wina woganiza kuti anali munthu woipa. Munda tinalibe, ndowa zobooka zinali zochepa, choncho miyezi yozizira ija amalume anali ndi nthawi yomwe sanakhalepo nayo. Anamasula thumba lija.

Ankakhala pakhonde dzuwa likangotentha, atayala chiguduli kuti tizidutswa tisasowe. Mapiko anali aakulu kuposa thupi, ndiye anatalikitsa thupilo ndi bango long'alula mpaka linapyapyala ngati chikhadabo. Nthiti zina za m'mapiko zinali zitadyedwa ndi njenjete, ndipo anasema zatsopano ku mapesi, akuyeza iliyonse ndi kaudzu. Zomatira za mzungu zinali zitauma ngati mwala. Anaphika kaphala ka ufa wa tirigu m'kachitini, nakasakaniza ndi ulimbo pang'ono. Fungo lake ndimalikumbukabe, lowawasira, losakanikirana ndi utsi. Pamene pepala linaperewera anamatapo makoko a chimanga, aja ofewa a m'kati, atawanyowetsa ndi kuwaumitsa pansi pa mwala. Ntchito yanga inali kugwira ndi zala ziwiri mpaka pagwirane, osapuma mwamphamvu.

Chimene chinawatengera masiku ambiri chinali kulinganiza kulemera. Ankaika ndegeyo pa nsonga za zala ziwiri, pansi pa mapiko, n'kuyang'ana. Ikagwera kumchira, ankamata kamwala pamphuno ndi phula la njuchi. Ikagwera kutsogolo, ankapala phulalo ndi chikhadabo. Ine ndinkatopa nazo.

“Yatha kale, amalume. Tiyeni tikaiponye.”

“Usafulumire, mphwanga. Thupi n'la kwina, mapiko n'a kwina, mchira n'wa kwina. Zisanamvane siziyenda. Tikaiulutsira kwathu, pachulu cha m'munda mwa amayi ako, nkhondo ikatha.”

Anaipachika ndi ulusi kudenga, m'kati mwa nyumba. Chitseko chikatseguka, kachitsulo ka pamphuno kankazungulira kokha. Amayi sankakondwa nayo.

“Achimwene, kuno ndife obwera. Anthu sakutidziwa. Chibwezereni m'thumba chinthu chanuchi.”

Amalume ankangoseka. “Alongo, kodi pepala ndi bango zinaphapo munthu?”

Kushikola tinkakhala pa mitengo yogoneka pansi. Ana a komweko ankatiseka ife othawa, kuti tilibe nyumba, tilibe mbuzi, timanunkha utsi. Tsiku lina nditatopa ndi kunyozedwa ndinati ife tili ndi ndege. Anaseka. Mtsikana amene ndinkakhala naye mtengo umodzi, mwana wa bambo anatipatsa malo uja, anati n'zoona, anaionapo pakhomo pathu. Anzathu aja anandizungulira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kukoma kwa kumvedwa.

“Imauluka?” anafunsa wina.

“Imauluka. Amalume amaituma kwathu ku Chidzolomondo kukaona munda wathu, n'kubwerako kusanache.”

Linali bodza la mwana wosowa kwawo. Ndinkafuna kuti pakhale chinthu china chathu chomwe chimafikabe kumene ife sitikanatha kufika. Sindinkaganiza kuti ku Chidzolomondo nthawi imeneyo kunali m'manja mwa anthu a m'tchire. Sindinkaganizanso zomwe aliyense kwathu amadziwa, kuti mfiti ili ndi ndege yake, ya lichero kapena ya chitsononkho, yomwe masana imaoneka ngati chinthu chachabe.

Patapita milungu iwiri, anthu anapita kukakumba kachewere kumunda wakutali, kuseri kwa phiri. Anapangana mwakachetechete, ananyamuka m'mamawa, koma anapeza anthu a m'tchire akuwadikirira. Ena anatengedwa kuti akasenze katundu. Ena anasiyidwa m'mizere momwemo. Pakati pa ophedwawo panali mnyamata uja anatiimikira mitengo ya nyumba. Amalume ndiwo anakhoma bokosi lake, ndi matabwa a chitseko chathu.

Pamaliro pathu funso silikhala lakuti wafa bwanji. Limakhala lakuti wamupha ndani. Ndipo apa panali funso lina lomwe linkayenda pakati pa anthu pansipansi: anadziwa bwanji tsiku ndi munda? Mtsikana uja, mlongo wa malemuyo, anangobwereza kwa amayi ake zomwe anamva kushikola. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Tsiku lotsatira kumeta, belu linalira. Amilisiya awiri, anyamata a m'mudzi momwemo opatsidwa mfuti ndi boma, anabwera kudzatenga amalume pamodzi ndi ndege. Anthu anasonkhana pabwalo la shikola, pamwamba pa chitunda choyang'ana kudambo. Ndegeyo anaiika pansi pakati, ndipo palibe anafuna kuyandikira. Bambo wofedwa uja anaimirira mutu uli wometa, maso ali ofiira. Sanakuwe. Analankhula motsitsa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinaopsa kwambiri.

“Ndinakupatsani malo. Mwana wanga anakumangirani. Mwana wanu yemwe ndiye wanena kuti chinthu ichi chimapita kwa anthu aja n'kubwerako.”

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinabisala kumbuyo kwa chitenje cha amayi. Ndikanatha kunena kuti ndinanama. Ndakhala ndikuyeza mawu amodzi amenewo moyo wanga wonse, ndipo sindikudziwa ngati akanathandiza. Chimene ndikudziwa n'chakuti sindinawanene.

Amene anatiimira anali aphunzitsi. Anali mnyamata wa mumzinda wa Tete, wotumizidwa ndi boma, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi, ndipo za ufiti sankazikhulupirira ngakhale pang'ono. Anatola ndegeyo ndi dzanja limodzi, anthu n'kubwerera m'mbuyo.

“Akamarada, ichi ndi choseweretsa ana, brinkedo chabe. Injini ilibe. Mafuta ilibe. Onani, makoko a chimanga awa.” Kenako anatembenukira kwa amalume. “Nenani nokha, ambuye. Imauluka?”

Amayi anagwada pafumbi. “Nenani kuti siuluka, achimwene.”

Amalume anayang'ana ndegeyo nthawi yaitali. “Sindinaiyesepo, apulofesolo.”

Kale ndinkawakwiyira chifukwa cha yankho limenelo. Tsopano ndakalamba, ndaona kuti pali anthu amene pakamwa pawo bodza silitheka, ngakhale lowapulumutsa. Mwinanso panali kena kake ka mmisiri, kosafuna kunyoza ntchito ya manja ake. Mulungu ndiye akudziwa.

Aphunzitsi anamva yankholo ngati kuvomera. Anakwera pachulu cha m'mphepete mwa bwalo, nakweza ndegeyo m'mwamba. “Penyetsetsani. Igwa pompano ngati dzungu, ndipo tonse tibwerere kunyumba.” Anaiponya mosasamala, ngati munthu wotaya khoko la nthochi.

Inatsika pang'ono, mphuno ili pansi. Kenako kamphepo ka kudambo kanaigwira pansi pa mapiko aja aatali, ndipo inadzuka. Inawongoka yokha. Inadutsa pamwamba pa mitu ya anthu mopanda phokoso, kachitsulo ka pamphuno kakung'anima, dzuwa likuwala kupyola m'mapepala mpaka nthiti zonse za mapesi zinkaoneka. Inawoloka mpanda wa shikola, inawoloka munda wa nyemba, inakhota pang'onopang'ono kulunjika kumadzulo, mbali ya kwathu, n'kukatera bwinobwino pa udzu wa m'dambo.

Sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Ndinatuluka kumbuyo kwa amayi ndikuomba m'manja.

“Yauluka! Amalume, yauluka!”

Mawu anga okha ndi amene anamveka pabwalo lonse. Ndinayang'ana amalume kuti tisekere limodzi. Maso awo anali akadali kudambo, ndipo pankhope pawo panali chimwemwe chaching'ono, chonga cha munthu woona mwana wake akuponda phazi loyamba. Chinakhalapo kanthawi kochepa. Kenako anavula jekete lawo n'kundiveka, natulutsa lumo la malata m'thumba n'kupatsa amayi. Aphunzitsi anali ataima pachulu paja manja ali lende, akubwereza mawu amodzimodzi kuti ndi mphepo chabe, ndi mphepo chabe. Palibe ankawamva.

Amilisiya anatengera amalume kwa asilikali. Amayi ankapititsa chakudya masiku anayi. Lachisanu anawauza kuti anakwezedwa galimoto yopita ku Tete. Tinafunsa nkhondo isanathe, tinafunsanso itatha. Manda awo sitikuwadziwa.

Ndegeyo anaitentha madzulo a tsiku lomwelo kudambo komweko, ataikankhira pa udzu wouma ndi ndodo zazitali. Inapsa msanga kuposa tsamba. M'mawa mwake ndinakafukula phulusa n'kupeza kachitsulo aka. Aphunzitsi anapempha kusamutsidwa chaka chisanathe, ndipo asanapite anabwera pakhomo pathu, naima pabwalo chipewa chili m'manja. Amayi anawapatsa madzi akumwa. Ine amayi sanandidzudzulepo, ngakhale tsiku limodzi mpaka imfa yawo. Nthawi zina ndinkalakalaka akanandimenya.

Sitinabwererenso ku Chidzolomondo. Ndinakulira ku Tsangano, ndipo mkazi amene ndinakwatira anali mtsikana wa pamtengo uja. Anthu anadabwa, ena anatinena. Koma ndi iye yekha padziko amene ankadziwa kulemera kwa mawu omwe mwana amanena osadziwa. Monga mwa mwambo wathu ndinakakhala chikamwini pakhomo pa bambo ake, ndipo ndinalima munda wa munthu amene anaimirira pabwalo paja. Zaka zoyamba ndinkapita ku Misa koma osalandira Ukaristia, chifukwa pa pemphero la Ambuye pali mawu ena, aja okhululukira otilakwira, omwe lilime langa linkawadumpha. Apongozi angawo sanapepesepo. Koma chaka chilichonse, nyengo yozizira ikafika, ankasiya kudya tsiku limodzi, ndipo sanali tsiku lomwe mwana wawo anafa. Linali tsiku la belu. Mkazi wanga ndiye anandizindikiritsa zimenezo. Apongoziwo atadwala matenda awo omaliza, ndine ndinkawasambitsa.

Mkazi wanga anandisiya chaka chathachi, ndipo tsopano palibenso wina wamoyo amene anaona ndege ija ili m'mwamba, koma ine ndekha. Mwana amene ankaomba m'manja pabwalo paja sankamvetsa chifukwa chimene anthu onse anakhalira chete. Ankaganiza kuti sanaone bwino. Sankadziwa kuti bambo woika mwana wake dzulo amafuna dzina loti aligwire, kuti mantha amachititsa anthu abwino kuona mdani m'makoko a chimanga, ndiponso kuti amalume akanakhala mmisiri wosalongosoka, ndegeyo ikanagwa ngati dzungu ndipo iwo akanakalamba pakati pathu.

Za mwana woomba m'manja uja ndimazisiya m'manja mwa Mulungu, chifukwa mlandu wake sindingauweruze ndekha. Koma apongozi anga, akazi awo amene anafalitsa nkhani, anyamata a mfuti, aphunzitsi, ndi onse amene anaima pabwalo paja, ndinawakhululukira.