Sikisi Koloko ya Alongo Anga

Ndinakhalapo wapampando wa komiti kamodzi kokha pa moyo wanga, ndipo sanandisankhe chifukwa cha nzeru. M'banja mwathu munali anthu awiri osalankhulana, ndipo ine ndekha ndi amene onse awiri ankandiyankha foni.

Kwa mayi athu tinabadwa atatu, ndipo zaka zimenezo tonse tinali ku Leicester, ku Mangalande. Achemwali aakulu, achisamba athu, ankachita lendi ku Braunstone, ntchito yawo yosamalira okalamba. Mzime wathu, amene ndi nesi, anali atapeza nyumba ku Evington ndi kagalimoto kofiira. Ine wapakati ndinkakhala ku Belgrave, pamwamba pa shopu ya nsalu, n'kumanyamula makatoni ku weyahausi. Leicester si mzinda waukulu, koma alongo anga awiriwa anaugawana bwinobwino osakumanamo kwa zaka zisanu. Wina ankapita kumsika Lachiwiri, wina Loweruka. Wina ankapemphera m'mawa, wina madzulo. Ngakhale nkhunda za pa Clock Tower, pakati pa mzinda, zinkadziwa kuti achemwali akadutsa lero, mzime sabwera. Sindikuwonjezera, ndinaziona ndi maso anga zikusinthana mbali.

Chiyambi chake chinali maliro a bambo athu ku Dedza. Nthawi imeneyo ine ndinali ndikadali kumudzi. Mzime anakwera ndege n'kufika tsiku loika. Achemwali sanabwere, chifukwa mapepala awo anali asanatuluke. Akanatuluka m'dziko muno sakanaloledwa kubwerera, ndipo ana awo anali kuno. Pa siwa, mzime ali m'kati molira, ananena kuti pali ena amene anasankha Mangalande kusiya bambo wowabereka. Mawu a pa maliro sasowa wowanyamula. Anafika ku Braunstone mzime asanabwerere n'komwe.

Kwathu munthu amene sanakhale nawo pa maliro, akafika timamukhazika pansi. Wina amene analipo amamufotokozera zonse mwatsatanetsatane: matenda anayamba liti, anadya chiyani komaliza, anatsirizika nthawi yanji, anasambitsa ndani, nyimbo zinali ziti, mpaka dothi lomaliza. Akamva zonsezo ndiye amalira maliro ake, ndipo nkhani imatha. Achemwali sanakhazikidwe pansi ndi wina aliyense. Ine nditabwera kuno ndinakhala m'nyumba mwawo miyezi itatu. Ndinawauza za mbuzi ya aneba imene inaphunzira kutsegula geti, ndinawauza mitengo ya feteleza, koma za bambo sindinayambe. Ndinkadikira kuti afunse. Iwo ankadikira kuti ndiyambe. Ndine munthu woseketsa anthu, ndipo nkhani yopanda poseka sindidziwa poigwira.

Kenako mayi anapeza viza ya alendo, miyezi isanu ndi umodzi. Ankakhala milungu iwiri ku Braunstone, milungu iwiri ku Evington, ine n'kumawanyamula pa basi ndi chikwama chawo ngati katundu wa pa positi, chifukwa palibe mlongo amene akanaponda pakhomo pa mnzake. Mwezi wachinayi, tili m'basi, mayi anayang'ana pawindo n'kunena kuti, "Iwe, ine sindinabwere kudzaona nyumba. Nyumba ziliko ndi ku Dedza. Ndisanabwerere ndikuoneni nonse pamalo amodzi. Ulendo ngati uno sindidzaubwerezanso, mawondo akana."

"Mayi, malo ake ati?"

"Ndiwe mwamuna, ganiza."

Malo ake anaganiza ndi ana. Panali paki ina ya masewera, ulendo wa ola limodzi ndi theka kuchoka ku Leicester, kumene anzawo a kusukulu ankapita pa holide ya chilimwe. Si nyumba ya munthu, si tchalitchi cha munthu, ndipo ndi yaikulu moti anthu awiri angathe kukhalamo tsiku lonse osaonana, komabe ali pamalo amodzi. Ndinatengera mayi kapepala ka zithunzi zake: tisitima tothamanga pa njanji zopindika m'mwamba, anthu ali chadodolido, kukamwa yasa. Mayi anakayang'ana nthawi yaitali.

"Amawalipira zingati anthuwa?"

"Amalipira ndi iwowo, mayi."

"Kuti awaopseze? Bwanji osangokwera minibasi ya ku Lilongwe mvula ikugwa?"

Koma anavomera. Nkhani itamveka, asuweni a ku Nottingham anati sangatsale, a ku Derby chimodzimodzi, ndi azilamu awo, ndi mayi wina wa ku Chipata amene ubale wake ndi ife mpaka lero palibe amene anaufotokoza, koma amabwera pa chilichonse ndipo amaphika bwino. Tinakwana makumi atatu ndi mmodzi. Tinapanga komiti monga timachitira pa ukwati, ndipo misonkhano yake inali iwiri iwiri: Lachitatu ku Braunstone, Lachinayi ku Evington, nkhani zomwezo, ine n'kumasintha mawu panjira. Achemwali akati, "Ukamuuze nesi wakoyo kuti asabweretse timasaladi take," ine ndinkafika n'kunena kuti achemwali akuti musavutike ndi zophika, mwatopa kale ndi ntchito. Mzime ankandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, ananena choncho?" Ine: "Mawu ake enieni."

Chovuta kwambiri chinali kupeza tsiku. Ife kuno sitikhala ndi Loweruka, timakhala ndi mashifiti. Ndinamata mapepala pakhoma la pabalaza, munthu aliyense mzere wake, masiku a ntchito ofiira, opuma obiriwira. Mapepalawo anazungulira chipinda chonse n'kutulukira pamasitepe, moti mwini nyumba atabwera kudzakonza mpopi anandiyamikira kuti ndakongoletsa khoma. Afunseni, akadali moyo. Tsiku lobiriwira kwa onse silinapezeke. Tinachita kulipanga: uyu kusinthana ndi mnzake wa ku Zimbabwe, uyu kulonjeza kugwira Khirisimasi, uyu kuyamba kutsokomola kuntchito kutatsala masiku atatu. Amuna a alongo anga onse awiri mashifiti awo anakana. Ndicho chinthu choyamba chimene nyumba ziwirizo zinagwirizana.

Ndinajambulanso mipando ya m'basi. Achemwali kutsogolo kumanzere, mzime kumbuyo kwenikweni kumanja, pakati pawo asuweni khumi ndi awiri onenepa bwino. Mayi pakatikati, kuti wina asanene kuti akondera. Ana onse tinagwirizana kuti agone kwanga ndi agogo awo, kuti m'mawa pasakhale wosowa nsapato.

Basi tinabwereka kwa mzungu wina wachikulire, wolankhula pang'ono. Anandiuza kuti imanyamuka eyiti koloko pa malo oimika magalimoto a holo imene tinkachitira mapemphero, ndipo akati eyiti ndi eyiti, kaya muli anthu kaya muli mipando yokha. Apa ndinachita zimene Mmalawi aliyense wokonza zinthu amachita. Pa khadi la ukwati timalemba naini tikutanthauza leveni, ndipo aliyense amadziwa. Ine ndinangopititsa patsogolo luso limeneli: ndinagawa abale m'magulu atatu malinga ndi mbiri yawo. Osunga nthawi ndinawauza hafu pasiti seveni. Apakatikati, seveni. Odwala kwenikweni nthenda yochedwa, sikisi koloko.

M'gulu lomalizali munali anthu awiri okha. Achemwali anachedwa pa ukwati wawo womwe, moti abusa anabatiza ana awiri, kudya nkhomaliro, n'kugonako pang'ono mkwatibwi asanafike. Mzime anachedwa kubadwa kumene. Mayi amati anakhala miyezi khumi, ndipo atatuluka anayamba wayasamula. Ndinawalembera uthenga pa foni aliyense payekha: sikisi koloko, osachedwa. Ndinagona mtima uli m'malo, ndikudzitama.

Chimene sindinaganize n'chakuti alongo amene ndinkawadziwawo anali a ku Dedza. Achemwali anali atatha zaka akudzutsa nkhalamba za eni seveni koloko yeniyeni, basi ziwiri kuchoka ku Braunstone, akachedwa mphindi zisanu n'kuitanidwa ku ofesi. Mzime ankalandira wodi kwa anzake a usiku, amene sakhululuka. Dziko lino linawasintha ine ndikuona, koma m'mutu mwanga ndinasunga akalewo. Ndimaganiza kuti ambiri timatero ndi abale athu: timawadziwa mpaka tsiku limene tinasiya kuwayang'ana.

M'mawa wake kunali kamvula kowaza kaja ka kuno, kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Ndinafika pa holo hafu pasiti seveni ndi mayi, mkazi wanga, ndi chigulu cha ana. Pakhomo pa holo, imene inali yokhoma, panali mabokosi anayi a nkhuku ndi mpunga a achemwali, ataunjikidwa bwino, eni ake palibe. Chapatali panali kagalimoto kofiira, injini ikulira, mawindo onse atachita nthunzi. Ndinawerenga msanga: ola limodzi ndi theka, awiriwiri, popanda msuweni ngakhale mmodzi pakati.

Ndinapita n'kugogoda pawindo. Linatsika pang'ono. Mzime anali pa chiwongolero, maso ofiira. Achemwali anali pambali pake, atavula nsapato, manja ali pamiyendo, akuyang'ana kutsogolo.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Pepani, nthawi ija…"

"Za bodza lako tikamba bwino," anatero achemwali osandiyang'ana.

"Achimwene, chokani kaye," anatero mzime. "Tili pa chipatala. Sitinafike n'kunyumba komwe."

Windo linakwera.

Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake kwa mzime. Achemwali anafika pa takisi sikisi isanakwane, iye n'kufika sikisi yeniyeni. Kwa theka la ola wina anaima pakhonde la holo, wina anakhala m'galimoto, aliyense akuyang'ana msewu. Kenako mzime anaona kuti achemwali akunjenjemera ndi chisanu, anatsegula chitseko cha mbali inayo. Achemwali analowa. Anakhala choncho mpaka mawindo anachita nthunzi. Ndiye achemwali anafunsa, akuyang'ana kutsogolo, "Bambo anayamba ndi chifuwa kapena miyendo?"

Asuweni anayamba kufika, aliyense pa nthawi yake yabodza kuphatikiza ya iye mwini. Basi inafika. Tinakweza mabokosi a nkhuku, ndipo kumbuyo kwa basi kunatsika mpaka dalaivala anatuluka kukayang'ana matayala. Ana anakwera akukangana m'Chingerezi za amene akhale pawindo. Kutatsala mphindi khumi, mayi anandikoka malaya.

"Ali kuti alongo ako?"

Ndinawalozera. "Mzime akuwafotokozera achemwali za bambo."

Mayi anayang'ana galimotoyo kanthawi. "Uyo akudziwa chiyani? Anafika tsiku loika. Za m'chipatala anangomva." Anandipatsa ambulera yawo, anamanga bwino chitenje pamwamba pa chijasi, n'kuyenda okha pamvula mpaka pa galimoto. Anatsegula chitseko cha kumbuyo. Asanalowe anatembenuka: "Tenga anawo uzipita. Usawakweze zozondoka zija atangodya."

Eyiti koloko mzungu uja analiza injini. Ndinaima pa sitepe ya basi, mwendo umodzi m'kati, wina kunja. Miyezi iwiri ya mapepala pakhoma inali ya anthu atatu amenewo, ndipo atatu onsewo anali kutsala. Ndinalowa, chitseko chinatsekeka.

Za ku paki ndilibe zambiri. Zakumwa zonse zinatsala m'buti ya mzime, choncho tinadya nkhuku zouma kukhosi. Ana anandikakamiza kukwera kasitima kamodzi, ndipo ndinafika kumwamba kwenikweni moti ndinaona phiri la Dedza ndi munthu akuanika chimanga. Mayi wa ku Chipata anakwera katatu, akuimba nyimbo ya kwaya. Tsiku lonse foni yanga inali m'manja. Sinalire. Sindinadziwe ngati kukhala chete kumeneko kunali kwabwino kapena ayi, ndipo sindinalimbe mtima kuimba.

Tikubwerera, chakumadzulo dzuwa likadalipo, uthenga unalowa kuchokera kwa mzime: bwerani nonse ku Evington. Ndinapempha dalaivala, iye anangogwedeza mutu. Basi yaikulu inalowa m'kamsewu ka nyumba zogundizana ziwiriziwiri, aneba akusuzumira m'makatani. Anthu makumi awiri ndi asanu ndi atatu tinatsika ndi mabokosi opanda kanthu.

Pabalaza mipando inali itakankhidwira kukhoma. Mayi anakhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula, mzime mbali iyi, achemwali mbali inayo. Sikuti anali akuseka kapena kugwirana manja. Pakati pa awiriwo panali mpata woti n'kukhalapo munthu, ndipo mpatawo unatenga zaka zina kuti uchepe. Koma achemwali anali m'nyumba ya mng'ono wawo, nkhope yotupa, kapu ya tiyi ili pambali. Asuweni ataona mmene anthu akhalira, anavula nsapato n'kukhala pansi m'mbali mwa khoma, mpaka m'khonde ndi pamasitepe. Ana anawatumiza kuseri kwa nyumba.

"Tafika pa tchalitchi," anatero mayi. "Za kumanda ife akazi tinali kumbuyo, sitinaone bwino. Amene anaona ndi uyu."

Achemwali anakweza maso n'kundiyang'ana koyamba tsiku limenelo.

"Iwe unanyamula nawo?"

"Ndinanyamula, achemwali."

"Mbali iti?"

Ndinavula nsapato, ndinakhala pansi pampata uja pakati pawo.

"Kumutu, dzanja lamanzere," ndinatero. "Tinatuluka m'tchalitchi dzuwa litapendeka, ndipo njira ya kumanda inali ndi matope."